Vani ikasiya kukoka, musathamangire kumasula pampu

Abale anga a ku Senga Bay, Lifuwu, Chipoka, Chia, mpaka inu a ku Msaka ndi Malembo, ndabweranso ndi zolemba zanga zazitali zija. Amene bandulo yakutherani pepani, koma iyiyi muiwerenge ndithu, makamaka inu amene mwagula HiAce kapena Caravan kuti muzitengera nsomba ku Lilongwe, ndi inu amene mukusonkha ndalama kuti mugule yanu.

Nkhani yanga ndi iyi. Vani ya dizilo ikayamba kufooka, ikamakana kukoka pachitunda, ndalama zambiri zimene anyamata akuluza sizikuthera pa vuto lenilenilo ayi. Zikuthera pa kulota. Makaniko amva kulira kwa injini kwa masekondi khumi, apukusa mutu, "bwana, iyi ndi pampu." Pampu imasulidwa, ipita kokakonzedwa, ibwera, galimoto ili chimodzimodzi. Kenako akuti ndi ma nozo. Kenako tabo. Pomaliza akuti tigwetse injini. Pofika pamenepo mpamba wa nsomba wapita, ngongole ya ku banki mkhonde ikudikira, ndipo galimoto yakhala pamiyala kuseri kwa galaja, nkhuku zikuikiramo mazira.

Ifeyo a kunyanja vutoli limatipweteka kuposa anthu a m'tauni, ndipo chifukwa chake ndi msewu. Nyanja yathu ili pa mamita pafupifupi 474 kuchokera pa mulingo wa nyanja yamchere, pamene Lilongwe ili pa mamita pafupifupi 1,050. Kuchoka pa Salima kukafika mu mzinda ndi makilomita ngati 100 pa M14, ndipo nonse mukudziwa mmene galimoto imalirira pokwera kulowera ku Mvera. Inu a ku Monkey Bay amene mumadulira pa Golomoti kukwera Khwekhwelere ndiye musachite kunena. Tikunyamula chambo chofuleshi ndi ayezi, ndipo ogula athu a ku Area 10, Area 12, Area 43 ndi m'maofesi a ku City Centre amafuna nsomba m'mawa, ya maso owala. Mukachedwa maola atatu ayezi wasungunuka, madamu aja sakuyankhanso foni, mukagulitsa motchipa pamsika wa ku Old Town kuti mungopulumutsako ya mafuta. Munthu wotere akafika pa galaja amakhala atasokonezeka kale mutu. Chilichonse chimene auzidwe avomera.

Choyamba, kufooka kwina si matenda. Injini zopanda tabo, ngati 3L ndi 5L za Toyota kapena TD27 ndi QD32 za Nissan, zimapuma mpweya mmene uliri, ndipo kumtunda mpweya umapepuka. Amisiri amawerengera kuti injini yotere imataya mphamvu pafupifupi 3 pa 100 iliyonse mukakwera mamita 300. Ndiye galimoto imene imathamanga bwino pa Kamuzu Road ikafika ku Chezi yatayako kale kenakake, popanda chowonongeka. Onjezerani katundu. Ma vani ambiri ochokera ku Japan ali ndi kachizindikiro kuchitseko chakumbuyo, kolembedwa m'Chijapani koma nambala yake imawerengeka, 1000kg kapena 1250kg. Amenewo ndiwo malire ake. Lita imodzi ya madzi imalemera kilogalamu imodzi, ndipo ayezi ndi madzi basi. Werengani ma cooler box anu, matumba a usipa amene mwatengera anzanu, ndi anthu atatu a matola amene adalaivala akweza pa Kamuzu Road inu osadziwa. Nthawi zina galimoto ilibe mlandu.

Bambo anga, injini ya boti ikafooka pamadzi, sankayamba ndi kumasula kabyuleta. Ankaidzutsa kaye n'kuyang'ana pulopela ngati yakola chidutswa cha ukonde kapena zinyalala. Kenako thanki, kenako paipi ya mafuta ndi kampira kopopera kaja, kenako pulagi. Sipanala yaikulu inali yomaliza. Mlovi aliyense wa zaka 15 amadziwa ndondomeko imeneyi, koma munthu yemweyo akagula galimoto amaiwala zonse chifukwa akuopa makaniko wa m'tauni. Komatu galimoto nayo ili ndi "ukonde wa pa pulopela" wake. Mabuleki akamagwira okha, galimoto imalemera ngati injini yatha. Mukayenda mtunda, imani, yandikizani dzanja pa wilo lililonse. Limene likutentha kuposa anzake ndiye wakuba wanu. Kilachi nayo ikatha imanamiza anthu: mukaponda pachitunda injini ikukuwa, muvi wa ma rev ukukwera, koma liwiro silikusintha, mwina ndi kafungo kopserera. Imeneyo si pampu. Injini ili ndi mphamvu zake zonse, kungoti sizikufika kumatayala.

Zikakhala kuti ndi injinidi, kumbukirani kuti injini ya dizilo ilibe pulagi yoyatsira moto ngati ya petulo. Imakoka mpweya, kuufinya mpaka utenthe kwambiri, ndiye nozo imapopera dizilo ngati nkhungu, n'kuyaka yekha. Ndiye zofunika ndi zinayi basi: mpweya wokwanira ulowe, dizilo woyera afike pa nthawi yake, injini ikhale ndi mphamvu yofinya, ndipo utsi utuluke momasuka. Kufooka kulikonse kuli m'modzi mwa makomo anayi amenewa. Ndipo utsi umakuuzani khomo loyambira. Wakuda bii, ndiye kuti mafuta achuluka kuposa mpweya, yambani kuyang'ana kumene mpweya umalowera. Wabuluu, injini ikuwotcha oilo. Woyera wonunkha dizilo, mafuta sakupsa bwino, mwina timing yasuntha kapena nozo ikudontha. Woyera ngati nthunzi madzi a mu radiator akumachepa, imeneyo ndi nkhani ya gasiketi kapena hedi. Koma ikafooka popanda utsi uliwonse, galimoto ili ndi njala, mafuta sakufika. Muuzeni mnzanu akutsatireni pa njinga yamoto pachitunda akujambuleni kavidiyo ka ekizozi. Kavidiyo kameneko n'kothandiza kuposa kufotokoza kwanu konse.

Pa mafuta ndikhalitsapo, chifukwa kwathu kuno ndi pamene pali manda a injini zambiri. Kuyambira 2022 takhala tikuona mizere pa ma filling station, ndipo munthu amene wanyamula nsomba sangagone pamzere. Ndiye timagula wa m'zigubu m'mbali mwa msewu. Sindikunyozani, nsomba siidikira MERA. Koma chigubu chija simukudziwa chinasungapo chiyani, chagona pati, ndiponso ngati mwini wake sanathiremo parafini kuti achuluke. Dizilo si chakudya chokha cha injini, ndi amenenso amafewetsa zitsulo za m'kati mwa pampu ndi ma nozo. Parafini ndi wouma, safewetsa mokwanira. Madzi ndiye oipitsitsa, amadyetsa dzimbiri tizitsulo ting'onoting'ono ta m'kati. Musanathire wa m'chigubu, tsanulirani pang'ono m'botolo loyera, lisiyeni mphindi zochepa. Madzi amalemera kuposa dizilo, amakhala pansi, mudzawaona ndi maso. Ndipo sefani ndi nsalu yoyera yosathothoka ulusi, osati chitenje chimene munapukutira nacho mamba.

Fyuluta ya dizilo ndi chinthu chotchipa kwambiri pa mndandanda wonse, koma ndi imene imafooketsa galimoto kawirikawiri. Ikatsekeka, galimoto imalira bwinobwino itaima, imayenda bwino pa Presidential Way, koma ikafuna mafuta ambiri pachitunda imatsamwa. Kunsi kwake kuli kokhetsera madzi, ndipo pa dashibodi pali kanyali kochenjeza kuti madzi adzaza, kamene adalaivala ambiri amangokaphimba ndi chithunzi cha timu yawo. Pamwamba pake pali kopopera ndi dzanja. Mukapopa koma osalimba, kapena m'mawa galimoto ikumavuta kulira mpaka mutapopa, ndiye kuti mpweya ukulowa penapake mu paipi. Makaniko wanzeru amaikapo kapaipi koonekera m'kati n'kuyang'ana thovu. Palinso kuyesa kwina kosavuta: kuchotsa paipi yochokera ku thanki n'kuimwetsa injini kuchokera m'chigubu choyera cha dizilo wabwino. Ikadzuka n'kuyamba kukoka, vuto lili kumbuyo, mu thanki kapena m'mapaipi, ndipo pampu yanu ilibe tchimo. Ngakhale chitsekerero cha thanki chimachita zimenezi. Kabowo kake kopumira kakatsekeka, thanki imadzikoka yokha. Mukatsegula mumva kuti fyuu, galimoto n'kuyambanso kuyenda bwino kwa kanthawi. Anyamata a boti mukudziwa zimene zimachitika mukaiwala kumasula kasikuluwu ka pa thanki ya Yamaha. N'chimodzimodzi.

Kumbali ya mpweya ndidutsa msanga. Fyuluta ya mpweya, ndi fumbi la mu Ogasiti mpaka Okutobala, imadzaza msanga kuposa mmene buku la ku Japan limanenera. Kuipopera ndi kompulesa kamodzi kapena kawiri si mlandu, koma ikabooka itayeni, chifukwa fumbi likadutsa limakapala injini m'kati. Pa injini za tabo, ngati 2KD, 1KD ndi ZD30, yang'anani mapaipi a rabala ochokera ku tabo kudzera ku intercooler. Akang'ambika mumamva kuwomba ngati mluzu mukaponda, pamng'alupo pamakhala ponyowa ndi oilo, ndipo utsi umada. Palinso EGR, kavavu kamene kamabwezera utsi wina mu injini; kamadzaza mwaye mpaka njira ya mpweya kuchepa ngati paipi yotsekeka ndi matope. Kameneka n'kotsuka, osati kugula injini.

Msuweni wanga wina anagulitsa ukonde wa chilimira kuti agule ma injector anayi a 2KD, atauzidwa pa galaja ina kuti ake atha. Anaikamo, utsi wakuda uli pomwepo, galimoto ikukwawabe. Patapita masabata awiri kamnyamata kophunzira ntchito pa galaja ina ndi kamene kanalowetsa dzanja kunsi n'kupeza paipi ya intercooler itang'ambika mbali yosaoneka. Paipi inasinthidwa, galimoto inadzuka. Ukonde sunabwerere. Ma injector ake akale, amene analibe vuto, sanawaonenso.

Tsopano za kompyuta, chifukwa apa anthu agawikana pawiri ndipo mbali zonse zikulakwitsa. Ena amati magalaja aakulu aja, kumene mabwana a ku Capital Hill ndi a mabungwe amapititsa ma Land Cruiser awo, ndiwo okha odziwa, chifukwa amalumikiza makina. Ena amati kompyuta ndi njira yobera, bola mdala wa ku Biwi amene amamva ndi khutu. Ine ndikuti zimatengera injini imene muli nayo. Ya 3L kapena 5L yakale ija, ya pampu yoyendera zitsulo zokhazokha, kompyuta ilibe chokamba nayo, ndipo amisiri a ku Biwi ndi a kufupi ndi Malangalanga amaidziwa ngati mmene ife timadziwira mwera. Ndimawapatsa ulemu anthu amenewa, agwira ma minibasi a dziko lino ndi manja awo kwa zaka zambiri. Koma 2KD ndi 1KD ndi za common rail. Mafuta amasungidwa mu paipi imodzi pa mphamvu yopitirira 1,000 bar, ndipo amene amalamula kuti nozo itseguke liti ndi kompyuta ya m'galimoto. Ikaona chinachake chosalongosoka imadula mphamvu dala kuti iteteze injini. Ndiye mumaona galimoto ikukana kupitirira liwiro lina lake, nyali ya injini itayaka, mukazimitsa n'kuyatsanso ikuyenda bwino kwa kanthawi. Pamenepo khutu lokha silikwanira, pafunika makina.

Komano makinawo si sing'anga. Satchula chitsulo chimene chafa. Akalemba P0087, akungonena kuti mphamvu ya mafuta mu rail yatsika. Chimene chaitsitsa chingakhale fyuluta yotsekeka, mpweya mu paipi, injector imene ikubweza mafuta ambiri, kavavu kotchedwa SCV kamene kamakhala pa pampu ya Denso ndipo kamadziwika kuti kamavuta pa injini zimenezi, kapena pampu yeniyeniyo. Zinthu zisanu, mitengo yosiyana kutalitali. SCV imasinthidwa payokha popanda kugula pampu yonse. Ndiye munthu akakuonetsani nambala pa sikirini n'kunena kuti "mwaona, kompyuta yati pampu," mufunseni kuti wayeza chiyani china. Akakwiya ndi funsolo, tengani makiyi anu.

Chenjezo limodzi, ndipo ili ndikulemba mwa zilembo zazikulu mumtima. Pa injini zakale amakaniko amamasula paipi ya nozo imodziimodzi injini ikulira kuti amve silinda imene sikugwira ntchito. Pa common rail musalole zimenezo, ndipo musayandikize dzanja kufufuza podontha. Mafuta a mphamvu imeneyo amaboola khungu n'kulowa m'thupi, munthu mpaka kudulidwa chala kapena dzanja.

Inu amene munagula HiAce za zaka za posachedwapa kuchokera ku Japan, zambiri zili ndi sefa ya mwaye mu ekizozi, imene ena amati DPF, a Toyota amati DPR. Imadziyeretsa yokha ikatentha mokwanira pa ulendo wautali. Koma mukamathera tsiku lonse mukugawa nsomba geti ndi geti ku Area 47, kuima, kuzimitsa, kuyatsa, kenako kukakwawa pa mzere wa magalimoto pa mlatho wa Lilongwe, siipeza mpata. Imatsekeka, utsi umasowa potulukira, galimoto imafooka. Kanyali kake kakayamba kuphethira musakanyalanyaze, pali batani loti muiwotche galimoto itaima pamalo opanda udzu wouma. Ndipo injini yotere imafuna oilo wake wa phulusa lochepa, ku Japan amalemba DL-1 pachigubu. Oilo wa m'dramu woyezera m'botolo amaitseka msanga.

Pali mankhwala ena amene ndimadana nawo kwambiri: "tiwonjezere mafuta pa pampu." Makaniko apotokola kasikuluwu, galimoto ichita ngati yadzuka, mwini wake asekerera. Chimene chachitika n'chakuti injini ikumwa mafuta ambiri pa mpweya womwe uja. Utsi uda, dizilo akutha msanga, kutentha kukwera, ndipo tsiku lina pokwera ku Mvera hedi ing'aluka. Vuto loyamba lija silinachoke, langophimbidwa.

Ndikudziwa zimene ena muyankhe. Muti, "achimwene, inu mukulemba muli pa mpando, ife tili ndi nsomba zikuwola, nthawi yoyeza zonsezi tiipeza kuti?" Funso labwino. Koma tawerengani. Kugwira mawilo, kuyang'ana utsi, kukhetsa madzi, kusintha fyuluta, kuyendetsa dzanja pa mapaipi, zonsezi sizikwana maola awiri, ndipo zambiri mungachite nokha pansi pa mtengo. Kumasula pampu, kuipititsa kwa oyeza, kudikira, kuibwezera, n'kukonzanso timing, ndi masiku. Njira imene ikuoneka yachidule ndi imene imagoneka galimoto sabata yathunthu. Ndipo chichokereni pamene kwacha inagwa ndi 44 pa 100 iliyonse mu Novembala 2023, sipeya aliyense wochokera kunja wasanduka wa golide. Kale munthu ankatha kulota kawiri n'kupulumuka. Pano kulota kamodzi kokha kwakutengerani boti.

Koma tisangowanena amakaniko. Eni galimoto ambiri safuna kulipira munthu amene wafufuza n'kupeza kuti vuto ndi kapaipi. Amati "wangomanga kawaya basi, ndikupatse zingati?" Koma yemweyo akauzidwa kuti injini igwe amapereka ndalama zambirimbiri osatsutsa, chifukwa waona zitsulo zitamwazika pansi, ndiye akuti ntchito yagwirika. Makaniko nayenso ali ndi ana. Akaona kuti kuganiza sikulipidwa koma kumasula, adzamasula. Ndiye mukafika pa galaja gwirizanani mitengo iwiri: wofufuza payokha, wokonza payokha. Amene wakupezerani vuto la kapaipi m'maola awiri mupatseni ndalama yooneka, ndipo sungani nambala yake ngati ya siginala wodziwa kumene kuli usipa.

Nthawi zina ndi pampudi, kapena ma injector, kapena injini yathadi. Zimachitika, makamaka pa galimoto zimene zinabwera zitayenda kale mitunda yambiri. Koma zimenezi zili ndi umboni wake. Ma injector a common rail amayezedwa ndi timabotolo tinayi tolandira mafuta obwerera. Kamene kadzaze msanga kuposa tinzake kakuloza wolakwa, ndipo mwina ndi mmodzi, osati onse anayi. Kufinya kwa injini kumayezedwa ndi geji, silinda iliyonse nambala yake, ndipo manambalawo akulembereni papepala. Mukatsegula pothirira oilo injini ikulira n'kumatuluka utsi wambiri mopuma ngati sitima, pamenepo ma ring akukayikitsadi. Lamba wa timing akadumpha dzino limodzi galimoto imafookanso, ndipo zizindikiro zake zimaoneka mukatsegula chivundikiro. Chilichonse chimene chasinthidwa, chakalecho chibwerere m'manja mwanu, ndipo nenani zimenezi ntchito isanayambe, osati itatha.

Kwa achinyamata amene mwalemba MSCE ndipo mukuganiza za Salima Technical College kapena Lilongwe Technical College, taganizirani za umakaniko wa dizilo ndi zamagetsi a galimoto. Ma 5L akutha pang'onopang'ono, zimene zikubwera pa doko la Dar es Salaam ndi za kompyuta. Kunyanja konse kuno tili ndi akatswiri a injini za boti pa doko lililonse, koma vani ya common rail ikayatsa nyali pa Senga Bay timaikokera ku Lilongwe. Amene adzakhale ndi kamakina kowerengera ndi mutu wodziwa kumasulira zimene kakunena, pa Kamuzu Road pomwepa, sadzasowa ntchito.

Pakadali pano, m'galimoto musamasowe fyuluta ya dizilo yatsopano imodzi, sipanala yake, botolo loyera, kapaipi koonekera m'kati, ma clamp awiri atatu, ndi kabuku. M'kabukumo adalaivala azilemba tsiku, makilomita, kumene athira mafuta ndi malita ake, ndi tsiku limene fyuluta yasinthidwa. Galimoto ikadzafooka, funso loyamba ndi lakuti "yayamba liti, ndipo tinathira kuti komaliza?" Yankho likhale m'kabukumo, chifukwa pakamwa pa dalaivala wamantha simudzalipeza.

Tumizirani adalaivala anu ndi aja a m'gulu la ogula nsomba. Amene muli ndi ZD30 ndipo inakuvutanipo pachitunda, ndilembereni ku inbox mundiuze utsi unali wa mtundu wanji ndi chimene chinapezeka, ndikufuna ndidzalembe za Caravan payokha.